Mabuku a mwana wanga anapsera m'phiri la Ndirande

Amene anayamba kundibweretsera nkhaniyi anali mlamu wanga, achemwali awo a bambo a m'nyumba mwanga, amene amakhala ku Chemusa. Anandipeza ndikuchapa kuseri kwa nyumba, manja ali thovu lokhalokha. Ndinawasunthira kampando koma sanakhale. Anaima chiimire, chikwama chili m'khwapa.

"Alamu, kodi mukudziwa zimene mwana wanu wamkazi amawerenga?"

Ndinati amawerenga mabuku a Chingerezi.

"Mabuku a Chingerezi alipo ambiri, alamu. Awowo ndi a akazi okwatirana okhaokha. Anaiwala limodzi kwathu Lamulungu lija, ndiye aphunzitsi amene amachita lendi pakhomo panga aja analitsegula. Sanalimalize n'komwe. Anabwera nalo atalipana ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa."

Ine ndinapitiriza kufinya malaya. Mlamu wanga anayesa kuti mantha anditseka pakamwa. Zoona zake n'zakuti nkhani imene anaikwerera minibasi ija ine ndinali nditaidziwa kale, ndipo amene anandiuza anali mwana wanga yemweyo.

Ndifotokoze bwinobwino. Ife kwathu ndi ku Nsanje. Tinabwera ku Ndirande bambo atapeza ntchito yowotcherera zitsulo ku Chirimba. Mulungu anatipatsa anyamata awiri, amene pa nthawiyi anali atachoka kale pakhomo, ndi mtsikana mmodzi womaliza. Ine sukulu ndinalekeza ku pulayimale. Baibulo ndimawerenga, buku la nyimbo ndimawerenga, koma Chingerezi changa chimathera pa moni. Mwanayu ndiye anabadwa ndi njala ya zowerenga. Ali wamng'ono ankawerenga kaye ngakhale pepala lokulungira mandasi asanadye. Atamaliza Folomu 4 anapeza ntchito m'tauni pa shopu yopanga fotokope, ndipo poweruka ankadutsa pamene anyamata amayala mabuku akale pansi m'mbali mwa msewu. Iye ankatola amene anthu ena sawafuna, aja okhala ndi zithunzi za zinjoka zamapiko ndi zombo zouluka pakati pa nyenyezi.

Loweruka lililonse masana ndinkamuluka tsitsi pakhonde. Ankakhala pamphasa pakati pa maondo anga, buku lili pamiyendo, ndipo kuwerama kwake kunkandithandiza kuluka kunkhongo. Vuto linali kuseka. Ankaseka yekha mpaka mzere kupindika.

"Iwe, khazika mutu pamodzi. Chikukuseketsa n'chiyani?"

"Simungamvetse, amayi."

"Ndine chitsiru ine? Tandiuza m'Chichewa."

Anayamba choncho. Ankawerenga tsamba chamumtima, kenako n'kundifotokozera. Buku loyamba limene ndinalimva lonse linali la dziko limene linamira. Madzi anadzaza ponseponse, anthu otsala n'kumakhala m'mabwato omangiriridwa pamodzi ngati mudzi. Ine zimenezo sizinandivute kumva. Ndinakulira kumene madzi amabwera osagogoda, ndinagonapo pachulu ndi mbuzi. Mtsogoleri wa mudzi wa mabwatowo anali mkazi, waukali koma wachilungamo. Panalinso mkazi wina amene ntchito yake inali kumira pansi pa madzi kukatola zitsulo m'mizinda yakale. Ameneyo anali wanthabwala, wosamva zomuuza, ndipo ine ndinamukonda kuposa onse.

Loweruka lina ndinafunsa kuti, "Nanga mwamuna wa mtsogoleriyu bwanji sakumveka? Anamwalira?"

"Alibe mwamuna, amayi."

"Ndiye amakhala yekha, ndi udindo wonsewo?"

"Amakhala ndi uja womira m'madzi."

"Mchemwali wake?"

Anayankha osadzutsa mutu. "Mkazi wake."

Zala zanga zinalimba pa tsitsi mpaka anati, "Amayi, mukundipweteka." Ndinamasula. Ndinkangoona nkhongo yake, ndipo thukuta linali litayamba kutsika m'khosi ngakhale kunali kwa chisanu. Mayi amene wasambitsa mwana kuyambira tsiku lobadwa safunika kumuuza zambiri. Ndinadziwa kuti sitikukambanso za anthu a m'buku okha.

Ndinafunsa kuti, "Ndiye anthu a m'mabwatowo anati chiyani?"

"Sanati kanthu. Ali ndi mavuto ena, madzi akumwa awathera."

"Palibe amene anaitanitsa akuluakulu?"

"Palibe, amayi. N'chifukwa chake ndimawakonda mabuku amenewa. Munthu amangokhala munthu. Chomudetsa nkhawa ndi nkhondo kapena njala, osati anthu a pampopi."

Ndinamaliza kumuluka. Sabata imeneyo kolona sanachoke m'manja mwanga. Ndinalira, ndinafunsa Amayi Maria kuti ndichite chiyani, chifukwa zimene ndinaphunzitsidwa kutchalitchi ndimazidziwa ndipo sindinazitaye. Yankho lomveka ndi makutu sindinalandire. Chimene ndinapeza n'chakuti m'mawa uliwonse mwana uja akatuluka kuchipinda kwake anali yemwe uja, wondipangira tiyi wotsekemera mopitirira. Loweruka litafika anabwera ndi chipeso koma buku analisiya. Anakhala pansi ngati munthu wodikira chilango. Ndinagawa tsitsi pakati n'kunena kuti, "Kodi aja anawapeza madzi akumwa?"

Mapewa ake anayamba kugwedezeka. Atapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje changa anadzuka kukatenga buku.

Sindibisa, nkhani zimenezo zinandikoma. Panali ina ya mkazi wokonza chombo cha m'mlengalenga, wowotcherera zitsulo ngati bambo ake a mwanayu, amene anakondana ndi dokotala wa m'chombomo, mayi wosaseka. Panali ina ya mlonda wa mfumukazi amene anatumidwa kukapha mtsikana woweta mitambo ya mvula, n'kukathera kumusenzera katundu. Ndinkapita kumsika ndikuwaganizira. Tsiku lina pa Misa, nthawi ya mapemphero a akhristu, ndinadzipeza ndikupempherera womira m'madzi uja kuti atuluke wamoyo. Nditamuuza mwana wanga anaseka mpaka kugona chagada pamphasa.

"Amayi, ndi wopeka ameneyo!"

"Mulungu asankha yekha, ine ndapereka."

Mabuku a mtundu umenewu sanali ambiri. Nthawi zina miyezi inkatha osapeza ngakhale limodzi, ndipo ogulitsa aja sankadziwa chimene chili m'kati. Akalipeza ankabwera nalo kunyumba nkhope ikuwala ngati wakhoza mayeso. Anali ndi mnzake wina wa ku Chilomoni, telala, amene ankasinthana naye mabukuwa. Mtsikana waulemu, wogwada popereka moni, ndipo anandisokera bulauzi imene ndinkavala pa Pasaka. Awiriwa ankakangana za mathero a nkhani ngati akukangana za malire a munda. Wina ati wolemba walakwitsa kumupha uja, wina ati ayi zinayenera kutero. Ine ndinkasenda mbatata chapafupi, ndipo maso ndinali nawo.

Mantha ndinali nawonso. Masiku amenewo wailesi inkakamba kwambiri za anthu otere. M'minibasi anthu ankalankhula mawu amene sindingalembe pano, ndipo tinkamva kuti ena atengedwa ndi apolisi. Mwana wanga akachedwa pang'ono kuchokera kuntchito ndinkaima pamsewu.

Ndiye mlamu wanga atachoka pamene ndinkachapa paja, sanapite kwawo. Anakwera minibasi ya ku Chirimba kukawapeza achimwene awo kuntchito. Lamulungu lotsatira tinakhala pansi m'nyumba mwathu.

Kwathu kumunsi kuja mwamuna akapereka lobola ana amakhala a kuchimuna, ndipo pa nkhani ya mwana wamkazi mawu a azakhali ake amalemera kuposa a mayi womubereka. Bambo ndi achemwali awo anakhala pamipando. Ine ndi mwana tinakhala pamphasa chakukhomo. Mlamu wanga anali atasiya Chikatolika kalekale n'kulowa mpingo wina wa mapemphero, ndipo anabwera ndi yankho lokonzeratu. Anati anakafunsa kwa aneneri awo, ndipo aneneriwo anaona kuti mwanayu ndi wabwinobwino, koma mzimu woipa unamulowa kudzera m'mabuku. Mzimuwo umakhala m'mapepala. Mabuku akapsa kuphiri, mwana amasuka.

Bambo a m'nyumba mwanga ndi munthu wofatsa, ndipo mwana uyu ankamukonda kuposa anyamata aja, ngakhale sanganene. Kuyambira tsiku limene anamva nkhaniyi sankadya. Koma atamva mawu a achemwali awo ndinaona nkhope yawo ikumasuka.

"Ngati ndi mabuku," anatero, "ndiye nkhani yake ndi yosavuta."

Ndinapempha kulankhula. Ndinati, "Abambo, alamu, ine nkhani za m'mabukuwa ndazimva pafupifupi zonse. Muli nkhondo, muli njala, muli anthu okondana. Satana sindinamumvemo. Mwanayu tiyeni tizingomupempherera pakhomo pano, tisamuyendetse pamaso pa anthu."

Mlamu wanga anaomba m'manja kamodzi. "Mwamva, achimwene? Walowanso mwa amake! Iiii, alamu, inu a kolona m'khosi, mumakhala pansi kumvera zimenezi? Nanunso mukwera phiri."

Bambo sanandiyang'ane. Anangoti, "Tonse tipita."

Tinakwera Loweruka m'mawa, nyengo yotentha mvula isanayambe. Mabuku onse anaikidwa m'katoni ya sopo. Mlamu wanga sankatha kusiyanitsa, ndiye anaponyamo chilichonse cha Chingerezi chimene anachipeza kuchipinda, mpaka dikishonale ya kusekondale. Bambo a mwanayo atati imeneyo ndi ya sukulu, anayankha kuti, "Mawu onse oipawo amachokera m'menemo." Aneneri anali atalamula kuti mwini wake asenze yekha. Ine ndinamupindira nkhata ndi chitenje changa chakale n'kumutwika.

Phiri la Ndirande lilibe mthunzi, mitengo inatha kalekale. Tinkakwera pakati pa minda ndi miyala, dzuwa likuwotcha m'mutu. Magulu ena anali kale m'mapemphero, uku akuimba, uko akufuula. Pansi madenga a Ndirande ankanyezimira mpaka kupweteka maso. Mwana wanga anali patsogolo, khosi lili chilili, osapempha kupuma.

Aneneri anali bambo wachinyamata, wa suti yoyera ndi nsapato zosongoka zimene zinawavutitsa pamiyala. Sanatsegule buku ngakhale limodzi. Ankangolikweza m'mwamba kuti anthu awo aone chithunzi, anthuwo n'kukuwa. Kenako anathira palafini.

Sindinkadziwa kuti mabuku savomera kupsa. Moto unanyambita kunja kokha n'kuyamba kuzilala, m'kati muli moyera. Aneneri anati mizimu ikukana. Bambo a m'nyumba mwanga, amene moto ndi ntchito yawo, anathyola kamtengo n'kuyamba kutsegula mabukuwo limodzilimodzi kuti mpweya ulowe. Anagwira ntchitoyo mosamala ngati mmene amachitira ku Chirimba, misozi ikutsika, ndipo ine ndikudziwa kuti inali misozi ya chiyembekezo. Ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti akupulumutsa mwana wawo. Timapepala takuda tinkauluka kulowera kumadenga kuja.

Atatero aneneri anagwira mwana wanga pamphumi n'kumukankha kuti agwe. Sanagwe. Anamukankhanso, anthu akuimba mokweza, mpaka iye anangokhala yekha pamwala. Ine anandithira mafuta pamutu n'kundisiya, anaona kuti ndine wamkulu.

"Chitira umboni, mwana wanga," anatero aneneri. "Uza anthu a Mulungu kuti wamasuka."

Mwanayo anayang'ana ine, kenako anayang'ana bambo ake. Bambowo anali atagwada pafumbi, manja awo a zipsera atawatambasula.

"Ndamasuka," anatero.

Mlamu wanga analulutira. Anthu anavina. Koma mawu amenewo ine ndinawazindikira. Ndi mmene ankayankhulira ali mwana kuchipatala, akamabayidwa jakisoni n'kumandiuza kuti sizikupweteka kuti ine ndisalire.

Titatsika bambo anagula nkhuku. Anadya bwino koyamba, anasekanso ndi achemwali awo. M'mawa mwake mwana wanga anapita kokameta n'kubwerako mutu uli mbee. Anati tsitsi limamutentha. Telala wa ku Chilomoni uja anasiya kubwera. M'nyumba munalowa bata limene sindinalikonde. Mwanayo ankadzuka, kusesa, kupita kuntchito, kubwera, kuphika, kugona. Ukamufunsa kanthu ankayankha mwaulemu, mawu awiri basi. Bambo ankandinong'oneza kuti, "Mwaona, amayi? Wasintha." Ine ndinkangoti ndaona.

Pasanapite nthawi mlamu wanga anabweranso. Anati aneneri achenjeza kuti munthu akamasulidwa asakhale yekha, mzimu ungabwerere, ndiye pakufunika banja msanga. Mwamuna anali atamupeza kale, dalaivala wa kumpingo kwawo. Mnyamatayo ndinamuona, analibe chifukwa chilichonse, anali wodekha ndi wamanyazi. Mwana wanga anagwada pamaso pa bambo ake n'kunena kuti sakufuna.

"Chifukwa chiyani, mami?" Bambo ake ankamutchula choncho kuyambira ali khanda. "Ali ndi vuto lanji?"

"Alibe vuto, ababa. Ine sindingathe."

"Koma unanena wekha kuphiri kuja. Anthu onse anamva. Kapena unatinamiza?"

Mwanayo akanati chiyani? Akati ananama, ndiye kuti bambo ake anagwada pafumbi pachabe. Akati sananame, ndiye kuti palibe chomuletsa kukwatiwa. Tsiku loti ankhoswe a mnyamata uja abwere linakhazikitsidwa iye ali chete.

Kutatsala masiku ochepa, m'mawa wina ndikukoleza mbaula, bambo atapita kale, anatuluka atavala za kuntchito. Chikwama chake chinali chotupa kuposa masiku onse. Anabwera n'kugwada patsogolo panga, chinthu chimene sankachita popita kuntchito.

"Amayi, mundidalitse."

Ndinamuyang'ana, iye n'kuyang'ana pansi. Sindinamufunse kanthu, chifukwa ndikanafunsa ndikanayenera kukawauza bambo ake. Ndinamulemba chizindikiro cha mtanda pamphumi. Chala changa chinali ndi makala, ndiye chinasiya chidindo chakuda ngati cha tsiku la Phulusa. Ndinafuna kumupukuta koma anagwira dzanja langa n'kuti ndisiye. Anatsika kanjira ka kumsika osacheuka.

Anaimba foni atafika ku Joni. Anali ndi telala uja.

Bambo anayenda m'madepoti onse a mabasi, atauzidwa kale kuti wapita. Anapita okha kukapepesa kwa abale a mnyamata uja. Atabwerako analamula kuti dzina la mwanayo lisatchulidwenso m'nyumba muno, ndipo mpaka lero silitchulidwa iwo ali pomwepo. Kamodzi kokha, patapita miyezi, tikudya awiriwiri, anasiya mbale n'kundifunsa.

"Ndiye si mabuku aja?"

Ndinati, "Si mabuku, abambo."

Anasamba m'manja n'kutuluka panja.

Zaka zapitapo tsopano. Mwana wanga amagwira ntchito yosamalira okalamba kumeneko, ndipo amakhalabe ndi mnzake uja. Amandiimbira Lamulungu ndikachoka ku Misa, ine n'kukayankhira kuseri kwa bafa. Akuti masiku ano amawerengera pa foni m'sitima popita kuntchito, ndipo mabuku otere achuluka moti sangawamalize. Mawu ake amamveka athanzi. Pa chimenecho ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse. Koma sindinamuonepo ndi maso chichokereni, ndipo pa maukwati a azichimwene ake onse awiri panalibe.

Chaka chathachi bambo anagwa kuntchito, sitiroko. Mbali imodzi inafa ndipo mawu awo samveka bwino. Amagona pabalaza pamene pamafika mphepo. Ndikuthokoza amayi a mphakati wathu amene amabwera kudzandithandiza kuwatembenuza ndi kuchapa zofunda, osandifunsa mafunso. Ndikuthokozanso mlamu wanga. Amachokera ku Chemusa ndi phala m'fulasiki n'kudzawamwetsa achimwene awo ndi sipuni, moleza mtima kuposa ine. Si munthu woipa. Iye mpaka lero amati tinalakwitsa kutsika phiri msanga, tikanasala kudya masiku angapo.

Mwana wanga akufuna kubwera kudzaona bambo ake adakali moyo. Mlamu wanga wanena kuti akadzaponda pakhomo pano iye adzachoka osabwereranso, ndipo abale onse a kuchimuna adzamutsatira. Anyamata anga agawanika, wina akuti abwere, wina akuti adzangowapha bambo ndi mtima. Ine ndimaopanso anthu a m'dera lino, amene saiwala nkhani. Amene akanadula mlanduwu ndi mwini nyumba, koma lilime lawo lalemera.

Mwezi wathawu mwanayo ataimba sindinapite kuseri kwa bafa. Ndinalowa pabalaza n'kuika foni pakhutu pa bambo ake. Ndinamva kamawu kake kakuti, "Ababa, ndine." Bambo anatembenuzira nkhope kukhoma. Koma dzanja lawo lamoyo lija, limene amakankhira nalo mankhwala akawakana, silinakankhe foni. Linangokhala pabulangeti mpaka mwanayo anamaliza kulankhula. Sindikudziwa tanthauzo lake. Ndawafunsa kangapo kuti abwere kapena asabwere, iwo amangotseka maso.

Madokotala sanatipatse chiyembekezo chachikulu, ndipo ulendo wochokera ku Joni si wa tsiku limodzi. Inu amene mwawerenga izi, maina athu sindinalembe, koma Mulungu akuwadziwa. Mukamagwada, kaya ndi kutchalitchi, kumzikiti kapena kuchipinda kwanu, mutikumbukireko: bambo wodwala ku Ndirande, mwana wake amene akudikira mawu amodzi kutali, azakhali ake, ndi ine mayi wa m'nyumbamo amene ndikuyenera kumuyankha mwanayo Lamulungu likubwerali.